Mphamvu si ukatswili: tiyeni tikambe za torque wrench

M'nyengo yozizila caka catha tinali pa ulendo wopita ku Petauke kukajambula pulogilamu ya alimi. Tinali anayi m'ka Vitz ka mnzathu amene timasewenza naye pa wailesi. Titangodutsa buliji ya Luangwa, tayala lakumbuyo linaphwa. Palibe anada nkhawa. Jeke inalipo, sipeya inali na mphepo, sipanala ya mawilo inali m'buti. Tinauzana kuti pakapita mphindi 15 tidzakhala tanyamuka.

Nati yoyamba inakana. Wina anaponda sipanala na phazi, inakanabe. Wonenepa kwambili pakati pathu anakwelapo na thupi lonse, sipanala n'kuyamba kupindika. Dalaivala wa thilaki amene anatimvela cifundo anaima n'kutibweleka paipi. Manati atatu anamasuka uku akulila, koma yacinayi inabwela pamodzi na cidutswa ca sitadi yake. Vitz ili na masitadi anayi cabe pa wilo iliyonse. Tinayenda monga kamba pa manati atatu mpaka ku Nyimba, cinthu cimene sitingalangize munthu aliyense kucita, tonse tili cete, makutu ali ku wilo. Pamene tinafika ku Petauke, alimi anali atabwelela kale ku nyumba zawo.

Mlungu umodzi izi zisanacitike, mwini motoka anali atacinjitsa matayala pa malo ena m'tauni. Mnyamata amene anagwila nchitoyo sanali waulesi. Anaika paipi pa sipanala, n'kukwelapo, n'kudumphilapo, nati iliyonse. Mnzathuyo anakondwela ngako cakuti anamuwonjezela ya madzi, amvekele: "Uyu ndiye amamanga zolimba." Apa m'pamene pali vuto lathu. Timalipila munthu cifukwa cotiwonongela motoka, ndipo timamuyamikila.

Masiku ano acinyamata ambili tili na tumamotoka tocokela ku Japan, tolowela pa Nakonde kapena pa Chirundu. Kwa ena ni ka banja, kwa ena ni kamene timadyelapo pa Yango. Ndalama ya ku galaja ikavuta, timacinja tokha oilo, mapulagi na mabuleki pa yadi, foni itatsamila pa njelwa, YouTube ikutiphunzitsa. Ici n'cinthu cabwino ndipo cipitilize. Koma yanganani m'bokosi mwathu mwa zida: masipanala alimo, masoketi alimo, pulayala ilimo, paipi nayo siisowa. Cimene mulibe ni cida cimodzi cimene cimatiuza polekela. Maganizo athu ni akuti aliyense amene amamasula wilo ya motoka yake afunika kukhala na torque wrench, kapena kudziwa kumene angaibweleke, ndipo posankha afunika kuyambila pa nchito imene adzagwila nayo.

Bauti imatamuka

Ambili a ise tinakula na maganizo akuti bauti imagwila cifukwa yamangidwa mpaka yaleka kuyenda. Zoona zake n'zakuti bauti imasewenza monga sipiling'i. Mukamanga nati ya wilo, citsulo ca sitadi cimatamuka pang'ono kwambili, kumene maso sangaone. Pofuna kubwelela m'malo mwake, citsuloco cimakanikiza wilo ku habu, ndipo kukanikiza kumeneko ndiye kumagwila wilo pamene mukuthamanga pa Great East Road.

Mukamanga mocepa, wilo imayamba kusewela, mabowo a limu amakula, manati amamasuka okha imodzi imodzi. Mukamanga mopitilila, citsulo cimatamuka kufika pakuti sicingabwelelenso. Aliyense amene anasewelako na malegeni ali mwana adziwa: labala ikakokedwa mopitilila imalefuka, ndipo tsiku lina imaduka olo simunaikoke kwambili. Sitadi nayo ni cimodzimodzi. Kunja imaoneka yabwinobwino, koma yafooka kale, ikungoyembekeza dzenje lina pa mseu kapena tsiku limene mudzafuna kucinja tayala. Komanso manati akamangidwa mosiyana, ina yolimba ngako ina yocepa, disiki ya buleki ingakhale mopendeka, ndipo mudzayamba kumva kunjenjemela mukaponda buleki.

N'cifukwa cake opanga mamotoka amalemba namba ya bauti iliyonse yofunika. Namba imeneyo ndiye torque, mphamvu yopotola nayo bauti, ndipo imapimidwa mu Nm. Masamu ake ni osavuta: mphamvu imene mwaika, kuculukitsa na utali wa cogwilila. Katundu wa makilo 10 wolendewela kumapeto kwa sipanala ya mita imodzi amapeleka pafupifupi 98 Nm. Manje ganizilani munthu wa makilo 70 ataimilila kumapeto kwa sipanala ya hafu mita. Ameneyo waika pafupifupi 340 Nm asanayambe n'komwe kudumpha. Akaikako paipi ya mita imodzi, afika pafupi na 690 Nm. Koma Toyota imalemba 103 Nm pa manati a mawilo a tumamotoka monga Vitz na Corolla, ndipo Honda imalemba 108 Nm pa Fit. Mnyamata wathu uja anapitilila katatu kapena kuposapo.

Palinso mbali ina imene timaiwala. Ka sipanala kamene kamabwela na motoka n'kafupi, mwina masentimita 30, cifukwa opanga anawelengela kuti nati idzamangidwa pa mlingo wake. Pa 103 Nm, kufunika mphamvu yolingana na makilo pafupifupi 35 kumapeto kwa ka sipanalako, ndipo munthu wamkulu aliyense angakwanitse. Pa 340 Nm kufunika makilo opitilila 100. Tikamanga na paipi, ndiye kuti tasankhilatu kuti mlongo wathu, kapena amayi athu, tayala likawaphwela usiku pa mseu wopanda magetsi, adzaimilila pamenepo mpaka munthu wacilendo akaime.

Yambilani pa namba, shopu pambuyo

Colakwa cacikulu pogula torque wrench ni kuyambila m'shopu. Munthu amalowa, amaona yaitali yonyezimila, amafunsa mtengo, amagula. Akafika ku nyumba m'pamene amazindikila kuti hafu ya nchito zake singagwile.

Yambani na pepala. Lembani nchito zimene mumagwila mwekha pa motoka yanu, ndipo pambali pa iliyonse lembani namba yake kucokela m'buku la motokayo. Ngati bukulo lili m'Cijapanizi, musataye mtima, manambala na zilembo za N·m zimalembedwa monga mmene tizidziwila. Komanso mamotoka ambili ali na mapasa awo ogulitsidwa m'maiko a Cizungu: Vitz kwina ni Yaris, Fit kwina ni Jazz. Cofunika ni kutsimikiza kuti caka na mtundu wa injini zikulingana na zanu.

Ambili a ise tidzapeza kuti nchito zathu zili m'magulu awili. Gulu loyamba ni zolemela: manati a mawilo na mabauti aakulu ogwila mabuleki, zimene zimazungulila pa 100 Nm. Gulu laciwili ni zopepuka: bauti yokhetsela oilo pansi pa sampu, imene pa tumainjini tung'onotung'ono kambili imakhala pakati pa 30 na 40 Nm, na mapulagi, amene kambili amakhala pakati pa 18 na 30 Nm malinga na injini.

Apa m'pamene pali lamulo limene ogulitsa ambili sakamba. Torque wrench imakhala yolondola kuyambila pa 20 pelesenti ya namba yake yothela kupita kumwamba. Mlingo wa padziko lonse wa zida zimenezi, ISO 6789 wa mu 2003, m'mene unali kuzipimila. Conco yofika pa 200 Nm ni yodalilika kuyambila pa 40 Nm. Kutsika pamenepo, olo manambala alembedwe pa cogwilila, mukungoyelekeza. Ndipo cida cimasewenza bwino kwambili pakati pa mlingo wake, kutali na kumapeto konse kuwili.

Tanthauzo lake n'lakuti cida cimodzi sicingagwile zonse. Ya hafu inchi, imene kambili imayambila pa 40 kufika pa 200 Nm kapena pafupi na pamenepo, ndiye ya mawilo, ndipo 103 ili pafupi na pakati. Ya 3/8, imene ina imayambila pa 10 kufika pa 60 ndipo ina pa 20 kufika pa 100, ndiye ya mapulagi na bauti ya oilo. Ya kota inchi, ya 5 mpaka 25 Nm, ni ya tumabauti tung'onotung'ono monga twa pa cotsekela ca pamwamba pa injini, ndipo ambili a ise tingakhale zaka osaifuna.

Ngati ndalama ikwanila imodzi cabe, gulani ya hafu inchi. Wilo ikacoka pa liwilo imapha anthu, a m'motoka na oyenda pansi omwe. Koma mukagula, musaiyese pa mapulagi. Silinda hedi ya mainjini ambili a masiku ano ni ya aluminiyamu, citsulo cofewa. Na cogwilila cacitali conco, simudzamva n'komwe pamene tumizele twa m'bowo, tumene amakanika amati mathiledi, tukudyeka. Mudzangoona pulagi yayamba kuzungulila mosavuta, ndipo tsiku limenelo mudzadziwa mtengo wa nchito ya pa silinda hedi. Mukapeza ndalama ina, ya 3/8 ikhale yaciwili.

Cenjelaninso na zilembo za pa cogwilila. Zida zambili zili na manambala mbali ziwili, Nm mbali imodzi, ft-lb mbali ina. 103 Nm ni cimodzimodzi na 76 ft-lb. Mukasokoneza n'kuika 103 ku mbali ya ft-lb, mudzamanga pafupifupi 140 Nm uku mukuganiza kuti mwatsatila buku. Mavidiyo ambili a pa YouTube ni a ku America ndipo amakamba mu ft-lb osachula. Mabuku ena a Toyota amalembanso kgf·cm, mmene 103 Nm imaoneka kuti 1,050. Gulani cida cimene manambala a Nm amawelengeka bwino, ndipo zolowelani mlingo umodzi.

Ya muvi, ya click, kapena ya batili

Pali mitundu itatu imene mungakumane nayo. Woyamba ni wa muvi. Ni citsulo cimene cimapindika pang'ono mukakoka, ndipo ka muvi kamalozela namba. Mulibe sipiling'i yopanikizidwa, mulibe batili, ndipo ngati muvi uli pa zilo cida cili phee, kambili cimakhala cili bwino. Ndiye yochipa kwambili ndipo imakhalitsa. Vuto lake n'lakuti mufunika kuyangana manambala molunjika pamene mukukoka. Pa wilo zitheka, koma pansi pa motoka, mutagona pa katoni, dzuwa litalowa, n'zovuta. Anthu amainyoza cifukwa imaoneka yacikale. Ise sitiinyoza. Ya muvi yabwino iposa ya click yabodza.

Waciwili ni wa click. Mumazungulitsa cogwilila mpaka pa namba imene mufuna, mumakhoma, mumakoka, ndipo ikafika imalila kuti "ke!" n'kuthyoka pang'ono m'dzanja. Simufunika kuyangana. Kwa munthu wokonza motoka yake pa yadi, iyi ndiye timaona kuti ni yoyenela. Koma mkati muli sipiling'i, ndipo sipiling'i imafuna kusamalidwa.

Wacitatu ni wa batili, wa manambala owala, umene umalila kapena kunjenjemela ukafika. Yabwino ni yolondola ngako, ndipo ina imapimanso madigili. Koma ni yodula, siikonda kugwa, fumbi na mvula, ndipo batili imatha tsiku limene mwaifuna. Kwa munthu amene amacinja mawilo kanayi pa caka, ndalama yowonjezelayo ingagule jeke yabwino na zocilikizila motoka, zimene zimateteza moyo kuposa manambala owala.

M'shopu muyangane ciani

Kaya mukugula ku Kamwala, m'mashopu a zida a m'tauni, pa msika kapena pa intaneti, pali zinthu zocepa zofunika kuyangana. Manambala akhale odindidwa m'citsulo, cifukwa opentedwa pamwamba amafufutika na oilo. Zungulitsani cogwilila kucokela pansi kufika pamwamba: ciziyenda mosalala, cosagwilagwila. Ikani pa 100 ndipo onani ngati ka zilo ka pa cogwilila kakulingana na mzele wake. Ngati sikalingana cida cikali catsopano, cisiyeni. Yesani loko ngati ikugwiladi. Yesani mutu wake ngati ukulila bwino mbali zonse ziwili popanda kudumpha mano.

M'bokosi mufunika kukhala pepala losonyeza kuti cidaco cinapimidwa, lokhala na namba yolingana na imene yadindidwa pa cida. Ya click yabwino imalonjeza kusaphonya kupitilila 4 pelesenti. Pa 103 Nm, kumeneko ni kuphonya na 4 Nm cabe, ndipo wilo ilibe nazo vuto. Pepala lingakopedwe, n'zoona, koma cida copanda namba iliyonse, copanda dzina la wopanga, cimene wogulitsa akukana kucibweza cikapezeka colakwika, cakuuzani kale mbili yake.

Ya salaula nayo ingakhale yabwino, makamaka ngati ni ya kampani yodziwika. Koma yanganani namba imene yasiyidwapo. Mukaipeza ili pa 150 ndipo yakhala conco m'sitolo miyezi yambili, sipiling'i yake yakhala yopanikizika nthawi yonseyo. Yanganani zipsela za kugwa na za hamala. Ndipo musaiwale soketi: manati a Toyota zambili ni 21, a Honda ni 19. Tengani soketi ya makona 6, cifukwa imagwila nati mokwanila ndipo siidya m'mbali.

Thumba la unga lingakuuzeni zoona

Mafakitale na magalaja aakulu amapimitsa zida zawo pakapita miyezi 12 kapena zikasewenza maulendo 5,000. Ise a pa yadi tingacite mayeso osavuta na zinthu zimene zili kale pa nyumba. Siyalowa m'malo mwa makina opimila, koma adzakuuzani ngati cida canu cili pafupi na zoona kapena cikunama kothelatu.

Mangani ka mutu ka makona anayi ka torque wrench pa vaisi yolimba, cogwilila cikhale cogona molingana na pansi. Pimani na tepi kucokela pakati pa mutuwo kufika pakati pa cogwilila, pamene dzanja limagwila. Tinene kuti mwapeza masentimita 40. Tengani thumba la unga la makilo 25 losatsegula, limangeni na cingwe colimba, ndipo mulilendewetse pamalo amene mwapimawo, pang'onopang'ono, osaliponya. Masamu ake ni 25 kuculukitsa na 9.8 kuculukitsa na 0.4, zimene zipeleka 98 Nm. Mukaika cida pa 90, cifunika kulila. Mukaika pa 105, sicifunika kulila. Sendezani namba pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene cimasinthila. Ngati ni pafupi na 98, muli na cida cabwino. Ngati cikulila cili pa 120, kapena cikukana kulila cili pa 80, bwelelani naco ku shopu. Cigubu ca madzi ca malita 20 naco cingasewenze: pa masentimita 40 cimapeleka pafupifupi 80 Nm.

Citani mayeso amenewa tsiku limene mwagula, lisiti ikali m'thumba. Abwelezeni kamodzi pa caka, komanso nthawi iliyonse cida cikagwa pa simenti.

Kugula n'kosavuta, kusewenzetsa ndiye nkhani

Taonapo anthu ali na torque wrench yodula koma akuisewenzetsa monga paipi. Ikalila amakokanso, ikalilanso amawonjezela kacitatu "kuti zitsimikizike". Ikalila kamodzi, lekani. Kukoka kulikonse pambuyo pake kukupitilila namba.

Yambani nati iliyonse na dzanja kuti mutsimikize kuti yalowa bwino m'mathiledi. Mangani pang'ono na sipanala wamba, tsitsani motoka mpaka tayala ligunde pansi, ndiyeno malizani na torque wrench modumphadumpha: nati iyi, kenako yoyang'anizana nayo, osatsatila mzele wozungulila. Gwilani pakati pa cogwilila ndipo kokani mwapang'onopang'ono, osagwedeza. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, yesaninso manati onse, cifukwa wilo imakhazikika ikayenda.

Musapake gilizi kapena oilo pa masitadi pokhapo ngati buku lakamba conco. Mbali yaikulu ya mphamvu imene mumaika pomanga, pafupifupi 90 pelesenti, imathela pa kukhulana kwa zitsulo, ndipo yotsala yocepayo ndiye imatamula bauti. Namba ya m'buku inawelengedwa pa mathiledi oyela, ouma. Mukapaka mafuta, kukhulana kumacepa, ndipo 103 yomweyo imatamula sitadi kupitilila mmene inafunikila. Ngati pali dzimbili, pukutani na bulasho ya waya. Mapulagi amangeni injini itazizila, ndipo pa bauti ya oilo ikani washa yatsopano.

Pomasula manati sewenzetsani sipanala ina. Torque wrench ni cida copimila, monga sikelo ya pa butchala, ndipo palibe amene amakhomela misomali na sikelo. Mukatsiliza nchito, bwezani cogwilila pa namba yotsika kwambili kuti sipiling'i ipume, koma musapitilile pansi pa namba imeneyo. Isungeni m'bokosi mwake, pouma.

Palinso malile amene tifunika kuwavomeleza. Mabauti a silinda hedi pa mainjini ambili amamangidwa na namba, kenako n'kuwonjezela madigili, motsatila ndondomeko yake, ndipo ena safunika kusewenzetsedwa kawili. Kukhala na torque wrench sikutipanga kukhala amakanika. Nchito ngati imeneyo ipite kwa munthu amene anaiphunzila.

Zimene anzathu amatiyankha

Tinakambapo nkhaniyi pa wailesi, ndipo mafoni analila. Mdala wina amene wakonza mamotoka kwa zaka zambili anati dzanja lake ndiye torque wrench yake. Sitimutsutsa kothelatu. Munthu amene wamanga mabauti masauzande amakhala na kamvedwe kamene ise tilibe. Koma kamvedwe kameneko anakapeza pothyola mabauti ambili, ndipo ambili mwa iwo anali pa mainjini akale a citsulo colimba cimene cimakhululuka. Imwe na ise timacinja mapulagi kamodzi pa caka kapena pa zaka ziwili, pa aluminiyamu. Dzanja lathu lidzaphunzila liti? Komanso dzanja limasintha. M'mawa ni lina, madzulo munthu atalema ni lina.

Wina anati: "Zaka zonsezi timamanga na paipi, wilo sinacokepo." N'zotheka. Sitadi imapilila kwambili isanaduke, ndipo ambili amapulumuka. Koma tsoka silinunkha. Ifenso pa buliji ya Luangwa tinali anthu amene wilo inali isanawavutepo.

Funso lalikulu linali la ndalama, ndipo n'lomveka. Munthu amene akuvutika kugula mafuta sangaike cida cimene adzasewenzetsa kanayi pa caka patsogolo pa lendi. Yankho lathu loyamba n'lakuti mufunse mitengo iwili tsiku limodzi: wa torque wrench, na wokoka motoka kucokela ku Luangwa kubwela ku Lusaka, kapena wokonza mathiledi a silinda hedi. Yankho laciwili n'lakuti simufunika kugula mwekha. Timacita cilimba ca mapoto, ca mafoni, ca mapuloti. Anthu asanu a mamotoka m'komboni imodzi, kapena madalaivala amene amaimika pa malo amodzi, angasonkhe n'kugula ziwili, ya hafu inchi na ya 3/8. Mutu umodzi susenza denga. Cofunika ni kugwilizana malamulo: isungidwe na munthu mmodzi, wobweleka abweze tsiku lomwelo itabwezedwa pa namba yotsika, ndipo aliyense amene waigwetsa akambe, kuti muipimenso na thumba la unga.

Ndipo olo simukonza motoka mwekha, cida cimeneci cili na nchito. Mukapita kukacinjitsa tayala, muuzeni mwaulemu mnyamata wa pamenepo kuti amange pang'ono cabe, imwe mumalize na torque wrench yanu iye akuona. Ngati asewenzetsa mfuti ya mphepo, mupempheni kuti asamalizile nayo. Torque wrench ikangolila nati isanayende n'komwe, dziwani kuti natiyo mwina yapitilila kale, ndipo ifunika kumasulidwa n'kumangidwanso. Anyamata amenewa si adani athu. Amamanga na paipi cifukwa makasitomala ndife timafuna conco, ndipo wilo ikamasuka iwo ndiye amatukwanidwa. Tikayamba kufunsa namba, nawonso adzayamba kuidziwa, ndipo amene adzakhala woyamba kugula cida cake pa mseu umenewo adzatenga makasitomala a anzake.

Mnzathu wa Vitz uja anacinja masitadi onse anayi a wilo imeneyo, ndipo makanika atayangana mawilo enawo anapezanso awili otamuka. Lomba pa wailesi tili na torque wrench ya hafu inchi imene tinasonkhela anthu asanu na mmodzi, ndipo mkati mwa civundikilo ca bokosi tinamatamo pepala la manambala a motoka ya aliyense. Imwe yambilani pa pepala limenelo. Madzulo ano tsegulani buku la motoka yanu, pezani namba ya manati a mawilo, ndipo muilembe pamalo amene mudzaiona tsiku limene tayala lidzaphwa.